Oda ya mayunifomu ndinapereka kalekale koma ndalama akungondizungulitsa, nditani?

Telala wotopa:
Amayi anzanga ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Kampani ina inandipatsa oda ya maovololo ndi malaya a logo a antchito awo, nsalu ina ndinagula ndi mpamba wanga ina ndinatenga pangongole, atsikana anga anachezera pa makina kuti tisaphonye deti, katundu ndinakasiya, delivery note anasaina, invoisi ndinapereka, tinagwirizana masiku 30. Masikuwo anadutsa kalekale. Ndikapita ku akaunti akuti cheke chikudikira siginecha, ndikaimba akuti abwana ali ku miting'i. Nde dzulo bambo wa procurement, ofesi yogula katundu wa kampaniyo, wandiuza maso ali gwa kuti "mayi mukuthamangira chani, si bambo akunyumba ali pantchito, simugona ndi njala." Kenako akuti tikakambirane bwino madzulo akaweruka. Amene anasapulaya nsapato komweko ndi bambo ndipo analandira zake. Ine wa nsalu akundisaka, atsikana sanalandire. LPO, pepala la kampani lotsimikizira oda, ndilibe, za odayo bamboyo anandiuza pafoni kenako pa WhatsApp basi.

Mayi wa hadiweya:
Mwana wanga tengani mwamuna mupite naye. Amuna anu, achimwene anu, kaya malume, bola akhale wovala jekete. Safunika kulankhula zambiri, angokhala pampando nkufunsa kuti cheke chili pati. Ine ndakalambira pa geni ya simenti ndi malata, anthu amenewa samva mawu a mzimayi.

Wa pulinti:
Achemwali apa pavuta ndi LPO yo. Oda ya pakamwa ku kampani ndi msampha, tsiku lina adzakuuzani kuti amene anakupatsani odayo analibe mphamvu zogula. Musadilite kalikonse pa WhatsApp, pangani ma screenshot pomwe nambala yake ndi deti zikuoneka, mutumizenso ku imelo yanu foni ingadzabedwe. Delivery note yo ili ndi chidindo kapena ndi siginecha chabe? Anasainayo dzina lake likuwerengeka? Ine anandisainira mlonda wa pageti, nditapita kukafunsa ndalama anati katundu sanafike ku sitolo kwawo, ma banner onse ndinangowaona atapachikidwa pa chochitika chawo ine ndisanaone ngakhale kakobiri.

Telala wotopa:
Chidindo chilipo, anasaina ndi wa ku stores. Zotenga bambo ndakana ine mayi, bizinesi ndinalembetsa m'dzina langa, iwo sadziwa ngakhale kulowetsa ulusi mu singano kkkk

Wa mabuku:
Chidindocho chakupulumutsani. Siyani kuyenda wapansi ndi kuimba foni, zimenezo sizisiya umboni. Lembani imelo kwa mkulu wa za chuma osati wa procurement uja, muikemo invoisi, delivery note ndi statement yoonetsa kuti ngongole yatha masiku angati, mufunse funso limodzi lokha, kuti invoisi yanu inalowa mu system yawo kapena ayi. Kawirikawiri invoisi yopanda nambala ya LPO siyifika nkomwe ku akaunti, imangogona mu drowa ya munthu, ndipo mwina ndi chifukwa chake bamboyo akukuitanani madzulo, akudziwa kuti pepala lili m'manja mwake. Akapanda kuyankha mulembe kalata yowapatsa masiku 14, wina aisainire kuti walandira. Zikakanika apo ndi pofunsa loya kapena ku khoti la milandu ing'onoing'ono, koma muyambe mwawerengera ngati ndalama yake ikuposa zomwe muwononge poyendera mlandu.
Ndipo chonde musakawalembe pa Facebook ndi dzina lawo, mtima ukawawa timalemba zambiri, mapeto ake inu ndi amene mudzalandire kalata ya loya.

Mayi wa hadiweya:
Makalata onsewo alowa mu drowa yomweyo. Ndanena kale, mwamuna mmodzi pakhomo pa ofesi nkhani yatha lero lomwe.

Wa dekoreshoni:
Zamadzulozo musayerekeze asisi. Mukapita ndalama simuiona, mukakana pamaso pake invoisi isowa. Muyankheni pa meseji mwaulemu kuti mubwera ku ofesi nthawi ya ntchito, meseji yake yokuitananiyo muisunge. Zojambula mawu mobisa samalani nazo, malamulo ake amasiyana, funsani kaye.
Koma tisamangonena abambo okha, ine amene anandigwetsa ndi azimayi anzathu. Mnzanga weniweni ndinamukongoletsera holo pa ukwati wa mwana wake, mipando, nsalu, maluwa, transipoti yonse yanga, nditamupatsa invoisi anandiyang'ana ngati ndamutukwana, akuti "iwe ndi ine mpaka mapepala?" Lero tikakumana amayamba ndi kudandaula za mavuto ake ndisanatsegule pakamwa. Mwamuna akakana ngongole amati ndi wa bizinesi, ife tikakana akuti ndife ouma mtima, odzimva, ndalama zatilowa m'mutu. Ndipo bizinesi ikakula pang'ono ayamba kufunsa kuti akumupatsa ndani.

Wa pulinti:
Zoona zimenezo. Ine kasitomala analowa mu shopu nkundifunsa kuti abwana atuluka? Mnyamata amene ndimamulipira ndine ndi amene anamupatsa moni wa abwana.

Wa mabuku:
Mayi a hadiweya ndimakulemekezani koma apa tisiyane. Njira yanuyo imagwira tsiku limodzi, mawa lake kasitomala amasunga nambala ya bamboyo, oda yotsatira amaimbira iwo, ndalama nkuyamba kudutsira kwa iwo. Akatswiri a zachuma anaunikanso kafukufuku wa ku India, Sri Lanka ndi Ghana, komwe zinkaoneka ngati azimayi akapatsidwa mpamba phindu silikwera, nkupeza kuti m'nyumba zomwe bambo alinso ndi bizinesi ndalama ya mayi imakathera ku bizinesi ya bambo. Kumene mayi anali yekha wa bizinesi m'nyumbamo phindu limakwera bwinobwino. Lipoti la World Bank la 2019 linati kum'mwera kwa Sahara mabizinesi a azimayi amapeza phindu lotsika ndi 34% poyerekeza ndi a abambo, nde ife tiziwonjezeranso powalowetsa pa ndalama zathu? Grameen Bank, banki yobwereketsa osauka yomwe anayambitsa Muhammad Yunus ku Bangladesh, obwereka ake pafupifupi onse ndi azimayi chifukwa amabweza. Ife kubweza timabweza, kutilipira ndiye akuti tidikire.

Mayi wa hadiweya:
Za ku India ine sindikuzidziwa. Ndikudziwa kuti wa nsalu akufuna ndalama yake sabata ino osati lipoti. Sindinati muwapatse akaunti, ndati apite nawo akakhale pampando. Kunyada sikulipira antchito.

Wa dekoreshoni:
Akakhala pampando kamodzi sadzukapo mayi kkkk, funsani ife. Anga anayamba ndi kundiperekeza, pano akufunsa kuti pa oda ija yatsala zingati.

Wa zoyeretsa m'maofesi:
Ndalowa mochedwa. Ngati mukufuna wopita naye tengani mzimayi mnzanu wodziwa mapepala, awiri mukhale ndi fayilo m'manja, amachita manyazi ndithu. Koma chenjezo langa ndi lina, akakuuzani kuti tikupatsani oda ina yaikulu tidzalipira zonse pamodzi, musavomere. Ine ndi mmene anandimangira, ngongole inangokula, ndinkaopa kusiya poti ndalama yanga ili mkati. Oda yatsopano ikhale ndi LPO komanso dipoziti ya 50% musanadule nsalu. Ndipo wa nsalu wanuyo musamuthawe, mupite mukamuonetse invoisi mumupatse kangachepe, akangokutsekerani ngongole mwagwa kawiri. Musakatengenso ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu podalira cheke chomwe simunachione.

Mayi wa hadiweya:
Mzimayi mnzanu ndi fayilo, chabwino. Koma akakuuzani kuti abwana ali ku miting'i mudzandikumbuka.

Wa pulinti:
Dipoziti ya 50% makampani akuluakulu ambiri amakana, amati policy yawo salipira katundu asanafike. Nde umasankha, kutaya oda kapena kuwakongoza ndi mpamba wako.

Telala mnzanu:
Pepani ndipatuke pang'ono, logo pa maovololo aja munapanga embroidery kapena pulinti? Ine makina anga akudula ulusi pa nsalu yokhuthala, singano ndasintha koma zikungopitirira, kaya ndi tension kaya ndi chani.