Kodi mabuku a John Dee anathera kuti?

Chiwerengeni: Akuluakulu, ndithandizeni. Amati laibulale ya John Dee, katswiri wa masamu ndi zakuthambo, ku Mortlake pafupi ndi London, inali m'gulu la malaibulale aakulu kwambiri ku England m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I. Munali mabuku otani, ndipo lero ali kuti?

Nkhokwe_yakale: Yambani ndi ndandanda ya mabuku ake ya pa 6 Seputembala 1583, yolembedwa atatsala pang'ono kunyamuka ulendo wa ku Poland. Mwini wakeyo ankati anali ndi mabuku pafupifupi 4,000, osindikizidwa ndi olembedwa pamanja. Ndandandayo imazunguza mutu, chifukwa mabuku ambiri sanawaike potengera nkhani yake, koma kukula kwake, komanso ngati ali ndi chikuto kapena ayi. Muli masamu, zakuthambo, alchemy (luso lakale loyesa kusandutsa zitsulo wamba kukhala golide), galamala ya Chihebri, mabuku ambirimbiri a dokotala wotchedwa Paracelsus, ndi makope awiri a De revolutionibus, buku la zakuthambo la Copernicus.

Mlembi_wachiwiri: Pochoka, Dee nyumba anasiyira mlamu wake, Nicholas Fromond. Pobwera mu 1589 anapeza mabuku ambiri atasowa. Nkhani yoti khamu la anthu linaphwanya nyumbayo musaikhulupirire kwambiri. Anatenga ndi anthu omudziwa. Mmodzi mwa iwo, Nicholas Saunder, ankafufuta dzina la Dee n'kulembapo lake. Mabuku oposa 100 otere ali ku Royal College of Physicians, bungwe la madokotala ku London. Anafikako pamodzi ndi laibulale ya Marquis wa ku Dorchester.

Nkhokwe_yakale: Zoonadi. Dzina lofufutidwalo nthawi zina limaoneka ndi kuwala kwa ultraviolet. Likakanika, onani m'mphepete mwa masamba: Dee ankalembamo ndemanga, kujambula kadzanja koloza mzere wofunika, ndiponso kudzitchula ndi chilembo cha Chigiriki Δ.