Mtsikana wokulira kunja wasintha: ndi mwano kapena ndi matenda?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mtsikana wa zaka 15 yemwe anasamukira kudziko lina pamodzi ndi makolo ake wayamba kudzitsekera kuchipinda, kusukulu sakukhozanso, ndipo mayi ake akamulankhula amangowakalipira. Mayiwo akuti ndi mwano. Tingausiyanitse bwanji ndi matenda ovutika maganizo?

Yankho loyamba: Mwano umasankha munthu: amakalipira mayi koma kwa anzake akuseka. Matendawa amamutsata kulikonse, pafupifupi tsiku lililonse, kwa milungu iwiri kapena kuposa. Mwa achinyamata kawirikawiri amaoneka ngati kupsa mtima msanga, osati kulira. Onani tulo, kadyedwe, zomwe ankakonda n'kuzisiya, ndi malaya a manja aatali kunja kukutentha, poti ena amabisa mabala odzicheka. Mufunseni mosapsatira: "Kodi umaganizapo zodzipha?" Funsoli silimupatsa ganizolo. Akavomera musamusiye yekha, mankhwala onse ngakhale paracetamol muwakhomere, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Yankho lachiwiri: Gwero la mkanganowu likhoza kukhala ili. Mwana amagwira chinenero cha dziko lachilendolo msanga, ndiye amawerengera mayi makalata a lendi ndi a kubanki. Masana wasenza nkhani za akulu, madzulo akumva kuti "ndiwe mwana, khala chete". Mawu oti "tinasiya zonse chifukwa cha iwe" amamusenzetsanso ngongole yomwe sangaibweze, ndipo kumuopseza kuti abwezedwa kwawo kumangomutseka pakamwa. Mayiwo apatule mphindi 15 patsiku, akuphika kapena akuyenda limodzi, osakamba za sukulu. Amvetsere mpaka mwana amalize. Malamulo atsale awiri kapena atatu okhudza chitetezo, monga nthawi yofikira pakhomo.

Yankho lachitatu: Kuchipatala pemphani womasulira, mtsikanayo asamasulire mayi ake za matenda ake omwe. Dokotala akafuna kumuona payekha, mayi asakhumudwe, ndi mmene zimakhalira. Pali fomu ya mafunso 9 yoyezera matendawa yotchedwa PHQ-9, ndipo angamuyezenso magazi poti kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimafooketsa mofananamo. Thandizo loyamba limakhala uphungu, monga wa CBT, wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake. Zikakula amawonjezera mankhwala otchedwa fluoxetine, omwe amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti agwire bwino. Milungu yoyambirira muzimuyang'anira kwambiri chifukwa maganizo odzipha amatha kukwera, ndipo asasiye kumwa dokotala asananene, ngakhale akupeza bwino.