Mbande za tomato zafanso kachiwiri ku gadeni ya madamu, thandizeni msanga

Wa ku Randburg:
Akuluakulu moni nonse, ndithandizeni msanga mutu waima. Madamu amene ndimawagwirira ntchito kuno ku Joni anandiuza mu Julaye kuti akufuna gadeni ya ndiwo kuseri kwa nyumba komanso mitengo ingapo ya zipatso. Ndinachotsa kapinga yense wa kikuyu, ndinagaula bwinobwino, mabedi anayi, ndinathira manyowa a m'khola aja amati kraal manure matumba asanu ndi kompositi, bonemeal (ufa wa mafupa) pang'ono m'mapando. Pa 10 Ogasiti tinakagula mathireyi ku nazale, tomato, green pepper, spinach, letesi ndi basil wawo uja. Sabata isanathe tomato ndi basil zinada bii ngati wathira madzi owira. Tinakagulanso zina ndawokera Lachiwiri lapitali, lero m'mawa ndapeza theka zagwa, zina zaduka pa tsinde penipeni ngati wadula ndi lezala, zina tsinde lawonda ngati ulusi. Spinach ndi letesi zili bwinobwino. Madamu ayamba kundiyang'ana ndi diso lina, akuti pa 1 Sepitembala kubwera alendo akufuna aone gadeni yobiriwira. Ine kwathu ku Ntcheu ndalima tomato m'dimba zaka zambiri koma izi sindinazionepo. Ndikulakwitsa pati?

Mdala wa ku Benoni:
Manyowa amenewo mwana wanga. Kraal manure wa m'matumba nthawi zambiri amakhala asanapse, ukathira n'kudzala sabata yomweyo amawotcha mizu. Ine ndimathira ndi kudikira masabata atatu ndikuthirira ndisanaike mbande iliyonse.

Wa ku Fourways:
Madala, manyowa sadetsa masamba usiku umodzi wokha, komanso bwanji spinach sinafe pomwe ili m'dothi lomwelo? Zoyambazo ndi frost basi, chisanu choundana chija. Achimwene musayerekeze Joni ndi dimba la kwanu, kuno tili pamwamba kwambiri, mamita oposa 1700, masana dzuwa limakunamiza mpaka kuvula juzi koma cha m'ma 4 kapena 5 m'mawa kumazizira koopsa. Tomato, green pepper, basil, nyemba, maungu, zonsezo sizipirira chisanu ngakhale pang'ono. Pa 10 Ogasiti munafulumira kwambiri. Ine tomato sindiika panja mpaka pakati pa Sepitembala, ndipo ngati yadi ili motsika kufupi ndi mtsinje ndimadikira mpaka kumapeto. Mabedi anu ali mbali iti ya khoma?

Wa ku Randburg:
Ali kumunsi kwa yadi pafupi ndi khoma la kuseri, ndi pomwe madamu anasankha kuti asaononge kapinga wa kutsogolo. Dzuwa limafika cha m'ma 10.

Wa ku Fourways:
Ndiye pamenepo pake. Mphepo yozizira imatsetsereka ngati madzi n'kukaunjikana kumunsi, khoma limaitchinga, ndiye pomwe mwaika tomato ndi pomwe frost imagona. Onaninso mthunzi, nthawi ino dzuwa limadutsa chakumpoto, bedi lomwe lili kumwera kwa khoma kapena kwa nyumba limakhala mumthunzi nthawi yaitali ndipo dothi silifunda. Ndiwo zimafuna dzuwa maola 6 kapena kuposa.

Mdala wa ku Benoni:
Frost yake iti? Ine ndakhala kuno kalekale, chaka chino sikunazizire kwenikweni. Fukulani mbande imodzi muone mizu, mupeza yapsa. Manyowa.

Wa ku Centurion:
Zodukazo ndi mbozi za cutworm amwene, musavutike. Malo omwe munali kapinga zimakhalamo zambiri. Masana zimabisala m'dothi pafupi ndi tsinde, fukulani ndi chala mozungulira mbande yomwe yagwayo mupeza mbozi yotuwa yonenepa, ukaikhudza imadzipinda. Kapena pitani ndi tochi cha m'ma 9 usiku muzigwira zikudya. Ine ndimatenga timapaipi ta pepala ta mkati mwa tishu tija, ndimavika pa mbande iliyonse theka m'dothi theka panja, mbozi imalephera kufika pa tsinde. Botolo la pulasitiki lodula limagwiranso ntchito. Koma chonde za bait, mankhwala a nyambo aja, samalani ngati pali agalu. Ine kumene ndinkagwira kale ndinamwaza mankhwala a nkhono a timibulu tija pa mabedi, galu wa bwana anatola, usiku womwewo anayamba kunjenjemera ndi kutuluka dovu, tinathamangira naye kwa dokotala wa ziweto pakati pa usiku. Anachira koma ntchito inathera pomwepo. Mpaka lero zikandibwerera mtima umandipweteka chifukwa galuyo ndinkamukonda ndipo banja lija linkandisunga bwino. Funsani kaye musanathire chilichonse, ndipo agule okha mankhwalawo muwerengere limodzi zomwe zalembedwa pa paketi.

Wa ku Roodepoort:
Za agaluzo n'zoona. Ngakhale bonemeal yomwe mwaikayo, galu akamva fungo amakumba bedi lonse. Ine anandifukulira ma rose 6 usiku umodzi, madamu n'kumati sindinatsendere dothi.

Mlongo wa ku nazale:
Achimwene ine ndimagwira ntchito ku nazale ndiye ndikuuzeni zomwe ndimaona tsiku ndi tsiku. Mbande zomwe timagulitsa mu Ogasiti zimakulira mu tunnel ya pulasitiki mofunda, mphepo sizinaionepo. Zimaikidwa pa shelefu chifukwa anthu amazifuna, sikuti nthawi yodzala panja yakwana. Mukagula musawokere tsiku lomwelo, muziika thireyi panja masana pamalo opanda mphepo, madzulo kulowetsa pakhonde kapena m'garaji, masiku 7 mpaka 10, kenako ndiye kuwokera madzulo. Zomwe tsinde lawonda ngati ulusizo ndi damping off, matenda a m'dothi omwe amakula dothi likakhala lozizira komanso lonyowa nthawi zonse. Mukuthirira kangati ndipo nthawi yanji?

Wa ku Randburg:
Achemwali ndimathirira kawiri, m'mawa ndikafika ndi madzulo ndisanaweruke cha m'ma 5, ndi paipi. Mphepo ya Ogasitiyi ikuumitsa pamwamba msanga ndiye ndimaopa.

Mlongo wa ku nazale:
Mwachulutsa. Pamwamba pamauma koma pansi pali chinyezi, lowetsani chala muone. Madzi a madzulo aja amagona m'dothi usiku wonse kukuzizira, mizu ya tomato siyenda m'dothi lozizira, imangokhala n'kuyamba kuola. Kamodzi m'mawa n'kokwanira, mwinanso kudumpha tsiku, ndipo gwiritsani keni osati paipi. Zomwe zagwa kale sizidzukanso, zulani mutaye kutali musaponye mu kompositi.

Wa ku Roodepoort:
Komanso kumbukirani kuti kuyambira pa 1 Sepitembala kuno ku Joni kumakhala lamulo la madzi lija, osathirira gadeni pakati pa 6 m'mawa ndi 6 madzulo. Ife ofika 7 koloko pa ntchito zimativuta, ndiye muwauze madamu pasadakhale kuti mwina azithirira okha m'mamawa kapena aike timer. Maneba ena amajambula.

Mdala wa ku Benoni:
Inu mukungozungulira. Cutworm yo imabwera ndi chiyani? Manyowa. Matenda a m'dothiwo akuchokera kuti? Manyowa. Matumba asanu pa mabedi anayi ndi ambiri. Ine ndinaphunzira ntchitoyi kwa mzungu wina wachikulire amene ankalima ndiwo zogulitsa, manyowa ankawaunjika chaka chathunthu asanawagwiritse ntchito.

Wa ku Centurion:
Madala ulemu wanu koma cutworm imachokera ku gulugufe wa usiku amene amaikira mazira pa udzu ndi zomera, ngakhale osathira manyowa imabwera.

Mdala wa ku Benoni:
Ndamva. Koma afukule aone mizu.

Wa ku Cape Town:
Inu a ku Joni mavuto anu ndi ena. Kuno frost si nkhani kwenikweni kufupi ndi nyanja, mvula yathu imagwa nthawi yozizira ndiye pano dothi lanyowa kale, vuto ndi mchenga ndi mphepo ya south-easter ija ikayamba. Chaka china ndinadzala nyemba zoyanga pa timitengo tokongola, bwana anajambula n'kutumizira abale ake, patapita masiku atatu mphepo inagwetsa zonse mpaka timitengo tina tinakapezeka kwa neba. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi mpanda wa shade net kenako mbewu. Ndiponso nkhono kuno zimamaliza letesi usiku umodzi. Ndingoti musatengere malangizo a pa paketi kapena a m'magazini osaona kuti akunena dera liti, dziko lino ndi lalikulu, zomwe wa ku Durban akudzala lero inu simungadzale.

Wa ku Randburg:
Ndafukula pa mbande zitatu ndapeza mbozi ziwiri zotuwa zija. Mizu ya zina ndi yoyera bwinobwino, ya zowondazo ndi yabulauni. Nanga pa 1 Sepitembala ndiwaonetsa chiyani madamu? Kwatsala masiku ochepa.

Mdala wa ku Benoni:
Mwaona, yabulauni. Ndinanena ine.

Mlongo wa ku nazale:
Madala damping off nayonso imadetsa mizu. Achimwene, dzazani mabediwo ndi zomwe sizisamala kuzizira. Spinach ya Fordhook Giant, letesi, bitiruti, kabichi, parsley, anyezi wa masamba, mbande zake zilipo ndipo zikaikidwa mothinana pang'ono bedi limaoneka lodzaza. Karoti ndi radish fesani mwachindunji, radish imamera m'masiku ochepa ndipo pa mwezi umodzi mwayamba kuzula. Tomato muike m'mapoto pakhonde loyang'ana kumpoto azikula pang'onopang'ono, mudzawokere kukafunda. Ngati madamu akakamira kuti alowe pansi pano, agule frost cloth, nsalu yoteteza ku chisanu, muzifunditsa madzulo ndi kuvundukula m'mawa dzuwa likatuluka. Pulasitiki ayi, ikakhudza masamba amapsa chimodzimodzi.

Wa ku Fourways:
Frost cloth imathandiza koma ndani azifunditsa Loweruka ndi Lamlungu inu kulibe? Usiku umodzi kuiwala basi zonse zapita, ndipo mlandu udzakhala wanu. Ine sindivomera zimenezo. Mwatchulanso zipatso, akufuna mitengo yanji?

Wa ku Randburg:
Ndimu, pichesi, ndipo ine ndinawauza za papaya ndi peyala chifukwa kwathu zimachita bwino.

Wa ku Fourways:
Papaya iwalani amwene, kumunsi kwa yadi kumeneko sadzaona chaka chachiwiri. Peyala akadali wamng'ono naye amapsa ndi frost, amafuna malo obisika ndi kumufunditsa zaka zoyamba. Ndimu ya Eureka imachita bwino kuno koma muike pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, dzenje lalikulu la makona anayi, pomwe anamezanitsa pakhale pamwamba pa dothi, ndipo kikuyu asafike pa tsinde chifukwa amalanda madzi ndi chakudya, komanso makina otchetchera aja a weedeater amasenda khungwa mtengo n'kufa pang'onopang'ono. Pichesi amakonda kuzizira kwa kuno, pano ayamba kale maluwa. Nthawi yake yabwino yodzala inali Julaye ali mtulo, koma wa m'thumba mutha kudzala pano osasokoneza mizu. Muwachenjeze za fruit fly, ntchentche za zipatso, popanda misampha chipatso chilichonse chidzakhala ndi mphutsi mkati.

Wa ku Roodepoort:
Ndi mbalame. Timbalame ta michira yaitali tija timabwera gulu, pichesi, tomato, ngakhale masamba a spinach timadya. Kwa bwana wanga tinamanga neti gadeni yonse. Komanso mu Novembala matalala. Chaka china tomato atabereka bwino kwambiri matalala anagwa mphindi zochepa chabe, kunatsala timitengo tokha. Ndinakhala pansi pa wilibala osadziwa chochita.

Wa ku Centurion:
Chofunika china achimwene, musalole kuti ndalama za mbande zakufazo akuduleni pa malipiro. Munapita limodzi ku nazale, tsiku anasankha ndi iwo, malo anasankha ndi iwo. Afotokozereni mwaulemu, atengereni kumunsiko m'mamawa amve okha kuzizira kwake, muwaonetse mbozizo m'chitini. Azungu ambiri akaona ndi maso amamva. Ine masiku ano chilichonse chomwe ndalangiza ndimalemba pa foni n'kutumiza kuti umboni ukhalepo.

Wa ku Cape Town:
Zoona zimenezo. Mnzanga wina anamudula ndalama za hedge yomwe inafa chifukwa cha paipi ya swimming pool yomwe inkadontha pansi, iye sankadziwa n'komwe.

Wa ku Kempton Park:
Pepani kulowerera, poti tikukamba za mbewu, alipo ali ndi njere za mpiru kapena bonongwe wa kwathu? Ndili ndi kamalo kuseri kwa chipinda changa, spinach yanditopetsa. Chainizi ndinapeza koma mpiru wowawa uja ayi.

Wa ku Roodepoort:
Mpiru ndili nawo pang'ono, koma fesani msanga kukatentha umathamangira maluwa. Bonongwe dikirani mvula ya Okutobala, amamera yekha ngakhale m'mbali mwa msewu. Kodi kapinga mwayamba kale scarify, kumeta mpaka pansi ndi kupala udzu wouma? Bwana wanga akuti ndidikire sabata yamawa lawn dressing, dothi lothira pa kapinga lija, isanabwere.

Wa ku Fourways:
Ife tinapanga sabata yatha, kikuyu yekha. Pa kapinga wa mtundu wa LM musayerekeze, mumupha.

Mlongo wa ku nazale:
Achimwene a ku Randburg zatha bwanji, madamu mwalankhula nawo?

Mdala wa ku Benoni:
Akabwera muwauze asaikenso kanthu pa mabedi amenewo mpaka masabata atatu athe, azingothirira manyowawo azizire.