Ndithandizeni pa ganizo la Maslow

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru. Ndikulemba ntchito ya kusukulu yokhudza ganizo la mu 1943 la Abraham Maslow, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, loti zosowa za munthu zimabwera motsatana ngati makwerero: chakudya, madzi ndi tulo poyamba, kenako chitetezo, chikondi, ulemu, ndipo pamwamba penipeni kufika pomwe luso lako lingathere.

Ubwino wake ndikuuona. Mwana amene wabwera m'kalasi osadya, mutu uli pa desiki, akungoyasamula, sangamve masamu ngakhale aphunzitsi atayesetsa bwanji.

Pondivuta ndi apa. Amayi anga ankapala mumphika n'kutigawira zonse, iwo n'kunena kuti akhuta, chonsecho sanalawe kanthu. Apatu chikondi chinaposa njala. Maslow mwiniwake anavomereza kuti dongosololi silifanana kwa aliyense, koma ngati zili choncho, makwererowo akutithandiza chiyani? Chinanso, gawo lapamwambalo analifotokoza potengera anthu ochepa amene anasankha yekha, monga Abraham Lincoln, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la America, ndi Albert Einstein, katswiri wa sayansi.

Inu amene munaphunzira ganizo la Clayton Alderfer la mu 1969, lomwe linachepetsa magawowa kukhala 3, kodi limathetsa vutoli? Chonde ndiunikireni.