Thematic kapena Colaizzi, nditenge iti?

namwino_wamasters: Abale thandizeni, ndacheza ndi amayi 12 omwe ana awo anagonekedwa ku nesale, zonse ndalemba mChichewa koma mutu waima, pa njira zosanthulira zomwe amayiwa ananena, nditenge thematic analysis kapena Colaizzi?

mzamba_wakale: Achemwali zitengera funso lanu. Ngati mukufuna mmene iwowo anamvera mumtima ndi Colaizzi, masitepe 7, koma lomalizalo mumabwerera kwa amayiwo akatsimikize zomwe mwapeza, nanga poti ena anapita kale kumudzi muwapeza bwanji?

sisitala_wa_nayiti: Ine ndinatenga thematic analysis ya Braun ndi Clarke ya 2006, masitepe 6, siyovuta kwenikweni. Koma osathamangira kumasulira mChingerezi musanapange ma code (timayina tachidule ta mfundo zomwe ananena), mawu ngati "mtima unali m'mwamba" amasukuluka.

mzamba_wakale: Ndipo NVivo, pulogalamu ya pakompyuta yosanjira zolembazi, sikuganizirani, imangosanja basi. Ine ndinadula mapepala ndi sizasi nkuyala pamphasa kkkk