Sensa siikudzuka kuseri kwa DS90UB953: GPIO0 tiilembe bwanji mu device tree ya Linux?

Wa bolodi ya kamera: Akuluakulu, ndithandizeni. Sensa ya kamera ili kuseri kwa serializer ya DS90UB953 (tchipi yotumiza zithunzi pa chingwe), ndipo mbali inayo ya chingwe kuli deserializer ya DS90UB960 (tchipi yozilandira). Waya wa reset wa sensa wakalowa pa GPIO0 ya serializer, imodzi mwa mapini ake olamulidwa ndi pulogalamu. Mu node (chigawo) ya serializer mu device tree, fayilo yofotokozera Linux zida zomwe zili pa bolodi, ndaikamo property yopeka ndekha, `ti,gpio0-high`. Koma `dtbs_check`, yomwe imawunika device tree, ikuikana, ndiponso sensa ili zii pa I2C, njira yolankhulirana matchipi.

Wa madiraiva: Achimwene, property imeneyo ifufuteni. Binding ya `ti,ds90ub953.yaml`, fayilo yonena ma property ololedwa pa tchipiyi, ili ndi `additionalProperties: false`, choncho chilichonse chosalembedwamo chimakanidwa, ndipo diraiva (pulogalamu yoyendetsa tchipiyo) saiwerenga n'komwe. DS90UB953 ili ndi mapini a GPIO anayi, 0 mpaka 3, ndipo binding imaitenga ngati gpio controller wamba. Mu node ya serializer lembani:

`gpio-controller;`
`#gpio-cells = <2>;`

Kenako mu node ya sensa, yomwe imakhala mkati mwa node ya `i2c` ya serializer yomweyo:

`reset-gpios = <&ser0 0 GPIO_ACTIVE_LOW>;`

`ser0` ndi dzina la node ya serializer. Nambala yoyamba ndi pini, yachiwiri ndi flag. Amene amakweza kapena kutsitsa pini ndi diraiva wa sensa, pa nthawi imene datasheet ya sensayo yanena.

Wa bolodi ya kamera: Zikomo. Chenjezo lija latha, koma sensa ikadali chete. Pa pini mita ikuwerenga 0 V.

Wa madiraiva: Onani zinthu ziwiri. Choyamba ndi flag. Diraiva akalemba 1 pa reset amatanthauza kuti "gwira sensa mu reset", osati "kweza volteji". Pali `GPIO_ACTIVE_LOW`, 1 ameneyo amatsitsa pini, ndipo 0 amaikweza. Mukalemba `GPIO_ACTIVE_HIGH` pa sensa ya reset yotsika, zonse zimatembenuka: diraiva akamati wamasula sensa, kwenikweni waimanga. Madiraiva ena akale anasokoneza zimenezi, ndiye werengani mmene diraiva wanu akuitanira `devm_gpiod_get`, makamaka ngati ndi `GPIOD_OUT_HIGH` kapena `GPIOD_OUT_LOW`.

Chachiwiri, dzina. Binding ya sensa yanu mwina imafuna `powerdown-gpios` kapena `enable-gpios`, osati `reset-gpios`. Dzina likasiyana, diraiva wogwiritsa ntchito `devm_gpiod_get_optional` amangolandira NULL, osadandaula. Pini imatsala ili input, chifukwa diraiva wa UB953 amayamba ndi kuika onse anayi kukhala input. Umboni uli mu `/sys/kernel/debug/gpio`: ngati pambali pa pini palibe dzina la woigwira, palibe waipempha.

Wa zowunika ma patch: Ndiwonjezepo chimene ambiri chimawapunthwitsa. Mapini amenewa amalamulidwa kudzera pa I2C yodutsa mu chingwe cha FPD-Link III, ndiye gpio chip yake ndi ya `can_sleep`, kutanthauza kuti kusintha pini kungafunike kudikira. Diraiva wa sensa akagwiritsa `gpiod_set_value` m'malo mwa `gpiod_set_value_cansleep`, muona WARN mu `dmesg`. Pa chifukwa chomwechi, musamenye frame sync (chizindikiro choti makamera ajambule nthawi imodzi) pa pini yotere kuchokera ku CPU. Nthawi yake siikhala yokhazikika. Imeneyo ndi ntchito ya deserializer, yomwe imatumiza chizindikirocho pa back channel (njira yobwerera ku serializer) popanda CPU kulowererapo.

Pini yomwe ilibe mwini, monga yoyatsa magetsi a bolodi ya kamera, muilembe ngati `regulator-fixed` yokhala ndi `gpio = <&ser0 1 GPIO_ACTIVE_HIGH>` ndi `enable-active-high`. Ine `gpio-hog` sindiilimbikitsa pamenepa, chifukwa imangokanikiza pini osalabadira dongosolo loyatsira sensa.

Wa bolodi ya kamera: Linalidi dzina. Binding ya sensa ikufuna `powerdown-gpios`. Ndasintha, tsopano ikuyankha. Nanga bolodi ina ya DS90UB913 ndichite chimodzimodzi?

Wa zowunika ma patch: Kalembedwe n'komweko, koma mapini anayi a UB913 ndi otulutsa okha, simungawerengepo kanthu. Pa MAX96717, serializer ina, manambala amayambira 0 mpaka 10, ndipo mapini ake ndi MFP (mapini a ntchito zingapo), kutanthauza kuti ena ali kale ndi ntchito zina monga I2C kapena clock. Yang'anani schematic musanatenge pini. Mukakhudza fayilo ya YAML yeniyeniyo, yendetsani `make dt_binding_check DT_SCHEMA_FILES=ti,ds90ub953.yaml` musanatumize.