Nyali za boti laling'ono pa Chilwa: lamulo likufuna zingati?

WakuMatawale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Boti ndi la faibala, mamita 5.5, injini ya Yamaha 15. Ndi longoyendera ndi abale kuchoka pa Kachulu kupita ku Chisi, si la matola ayi, koma nthawi zina kubwerako kumakhala kutada. Wina akuti tochi ikukwanira poti boti ndi laling'ono, wina akuti ndigule nyali yofiira ndi yobiriwira. Zoona zake n'ziti? Nanga ndikagula ndiziike pati?

Chiwongolero:
Achimwene, amene akuti tochi ikukwanira akukamba za bwato lopalasa, osati lanulo. Zonsezi zimachokera m'malamulo a dziko lonse lapansi opewera kugundana pamadzi, a COLREG a 1972. Kwathu kuno maboti a m'nyanja ndi m'mitsinje ali pansi pa Inland Waters Shipping Act, ndipo oyang'anira ndi a Marine Department, choncho mukamakalembetsa boti muwaonetse nyalizo. Koma mitundu ya nyalizo ndi imodzimodzi kulikonse.

Nyali ziyake dzuwa likangolowa mpaka litatuluka, komanso masana kukachita chifunga kapena mvula yamphamvu.

Boti la injini losakwana mamita 12 limaloledwa kukhala ndi zitatu: yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja (manzere ndi manja a munthu woyang'ana kutsogolo kwa boti), ndi yoyera imodzi yooneka mbali zonse. Yofiira ndi yobiriwira iliyonse iwale madigiri 112.5, kuyambira kutsogolo kwenikweni mpaka kupitirira pang'ono pambali, ndipo ionekere pa mtunda wa mailo imodzi ya pamadzi, omwe ndi mamita 1,852. Yoyerayo ionekere pa mamailo awiri, ndipo ikhale pamwamba pa zinzakezo ndi mita imodzi kapena kuposa.

Pomwe anthu amasokonezeka ndi apa. Boti losakwana mamita 7 likhoza kuyenda ndi yoyera yokha, koma pokhapokha ngati liwiro lake lonse silipitirira ma knot 7, pafupifupi makilomita 13 pa ola. Lamulo likunena liwiro lomwe boti lingathe kufika, osati lomwe inu mwasankha kuyenda usiku umenewo. Injini ya 15 pa faibala wa mamita 5.5 imapitirira pamenepo mosavuta. Ndiye inu gulani zonse zitatu.

Tochi ndi ya bwato la nkhafi kapena kaboti ka thanga kosakwana mamita 7: akhale nayo pafupi, yowala moyera, ndipo ayiyatse nthawi ikadalipo.

Zawaya:
A Chiwongolero alongosola bwino, ine ndingowonjezera za kulumikiza, chifukwa nyali zambiri zimafera pa waya osati pa babu.

Gulani za LED za 12V zopangidwira boti, zomata kale kuti madzi asalowe. Zitatu pamodzi sizidya kupitirira theka la ampu, ndiye kabatire ka 7Ah kodzaza bwino kakuperekezani maola asanu ndi awiri kasanafike pa theka. Babu lakale la mawati 10 lokha limadya pafupifupi 0.8A, muone kusiyana kwake.

Fyuzi ya 3A muiike pafupi ndi batire pa waya wa pozitivu. Mukaiika kutali, waya wapakatiyo akakhudzana ndi negativu amapsa yense fyuzi isanadziwe n'komwe, ndipo m'boti muli chigubu cha petulo. Switchi ikhale ya mbali ziwiri: mbali ina iyatse zonse zitatu poyenda, mbali ina iyatse yoyera yokha mukaponya nangula. Boti loima pa nangula likayatsa yofiira ndi yobiriwira limanamiza anzanu kuti likuyenda.

Madzi a Chilwa ndi amchere pang'ono poti nyanjayi ilibe potulukira, ndiye waya wopota ndi manja n'kukulunga tepi sachedwa kuchita zobiriwira zija n'kuduka mkati. Lumikizani ndi sodala kapena zopanira, muvale kapulasitiki kofinyika ndi moto, mupake girisi pamitu ya batire. Waya asagone pansi pomwe pamadikha madzi, adutse m'mphepete mwa boti chakumtunda. LED ikakana kuyaka ili yatsopano, yambani mwatembenuza mawaya musanakakangane ndi wogulitsa.

China: musagule nyumba ya nyali yakale n'kuikamo LED yoyera mbee. Ikadutsa pagalasi lobiriwira imaoneka yabuluu, pa lofiira imazilala.

WakuMatawale:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga ndidziwa bwanji kuti madigiri 112.5 aja akwana? Ndilibe chipangizo choyezera.

Chiwongolero:
Chingwe ndi tepi yoyezera zikukwanirani. Boti lili pamtunda, usiku, yatsani. Imani kutsogolo kwenikweni: muone yofiira ndi yobiriwira zonse pamodzi. Mukasunthira pang'ono mbali imodzi, inayo izime m'maso mwanu. Kenako imani pambali penipeni pa nyali yofiira, mamita 10 kuchoka pamenepo, mubwerere chakumbuyo kwa boti mamita anayi ndi kachidutswa. Pamenepo ndi pomwe yofiira iyenera kusiya kuoneka. Ikamaonekabe mutafika kumbuyo kwa injini, yapendekera. Chitani chimodzimodzi ku yobiriwira.

Nyali ya mitundu iwiri m'nyumba imodzi imaloledwa, koma ikhale pakati penipeni pa mphuno ya boti. Ikakhota pang'ono, wobwera kutsogolo amaona mtundu umodzi n'kuganiza kuti mukumulambalala.

MphepoYaMwera:
Zonse zili bwino, koma yoyerayo ndi imene imavuta m'madzi. Ikakhala pakamtengo kafupi kumbuyo, mitu ya anthu ndi katundu zimaiphimba, komanso injini ikakoka mphuno ya boti imadzuka n'kuibisa kwa amene ali kutsogolo. Kamtengo kakhale katali kupitirira mutu wa munthu wokhala pansi. Pansi pa nyaliyo ikani kambale kakuda kuti kuwala kusagwere m'boti, apo ayi faibala woyerayo akuthobwani m'maso ndipo njedza mudzaiona mutalowamo kale.

Ndipo nyali zimenezi si zounikira njira, n'zoti ena akuoneni. Pa Chilwa mabwato ambiri a asodzi a matemba ndi milamba alibe kanthu koyaka, maukonde ali ponseponse, kuphatikizapo zimbowera (timisasa toyandama ta asodzi) za m'njedzamo. Chepetsani liwiro, wina akhale kutsogolo ndi tochi yamphamvu, aziyatsa mwa apo ndi apo osati kuwalitsa kumaso kwa woyendetsa boti lina. Mukaona yofiira ya boti la injini ikudutsa kuchokera kumanja kwanu, opatuka ndinu, ndipo mudutse kumbuyo kwake. Mukaona zonse ziwiri zikubwera molunjika, aliyense akhotere kumanja kwake.

Fyuzi ziwiri zapadera muzimate ndi tepi pachivundikiro cha bokosi la batire.